Mwana wasiya kuseka: mafunso a makolo pa matenda okhumudwa

Mayi wa ku Malomo, m'boma la Ntchisi, sadikira dokotala kuti amuuze kuti mwana wadwala malungo. Akangomukhudza pamphumi wadziwa kale, ndipo kukamacha amakhala ali pamzere kuchipatala. Matenda okhumudwa ndiwo amatipita pansi, chifukwa satenthetsa thupi, satulutsa zidzolo, ndipo amafanana ndi zinthu zimene tinazolowera kuzidzudzula: ulesi, mwano, matukutuku a kutha msinkhu. Nawa mafunso amene makolo, azigogo ndi amalume olera ana amakhala nawo.

Kodi mwana angadwale maganizo? Akuganiza chiyani, poti alibe ngongole ya feteleza kapena banja loti adyetse?

Angadwale ndithu. Matenda okhumudwa, amene achipatala amalemba m'buku kuti depression, safunsa zaka. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mwa ana ndi achinyamata 7 aliwonse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi ali ndi vuto lina la maganizo, ndipo kukhumudwa ndi nkhawa zili m'gulu la mavuto ofala kwambiri. Limatinso theka la matenda a maganizo amayamba munthu asanapitirire zaka 14. Boma la Ntchisi lokha linali ndi anthu oposa 300,000 pa kalembera wa 2018, ndipo m'dziko muno pafupifupi theka la anthu ndi ana osafika zaka 18, choncho nkhaniyi si ya ana a m'tauni kapena a kunja okha. Kwa ana aang'ono matendawa sachitikachitika, koma amachuluka mwana akatha msinkhu, ndipo kuyambira pamenepo amagwira atsikana kwambiri kuposa anyamata. Ngongole mwana alibe, n'zoona. Koma ali ndi mayeso a Sitandade 8, ali ndi anzake omuseka nsapato zong'ambika, mwinanso ali ndi bambo amene anapita ku Joni n'kusiya kuimba foni.

Ana onse amakhumudwa nthawi zina. Ndisiyanitsa bwanji kukhumudwa wamba ndi matenda?

Yang'anani kutalika kwake ndi zimene kwawononga. Mwana amene walephera mayeso kapena wakangana ndi mnzake amakwinya nkhope masiku angapo, koma anzake akamuitana kumpira amapita, nyama ikaphikidwa amadya. Achipatala amayamba kuganizira za matenda ngati kwa masabata awiri kapena kupitirira, pafupifupi tsiku lililonse, mwana ali wachisoni kapena waukali, kapenanso wasiya kukondwera ndi zimene ankazikonda, ndipo zimenezi zasokoneza kudya kwake, tulo, sukulu ndi kucheza. Pa maliro ndi nkhani ina: mwana wofedwa amalira, ndipo ayenera kulira. Chisoni cha maliro chimabwera n'kumapita, ndipo pakati pake mwana amasewerako. Chikasanduka mawu oti "ndine wachabechabe" kapena "ndikanafa ndine," ndiye kuti pafunika thandizo.

Nanga pakhomo ndiona zotani?

Chachikulu ndi kusintha, ndipo palibe dokotala amene angakuposeni pamenepa, chifukwa inu mukudziwa mmene mwanayo analili chaka chatha. Mnyamata amene ankasiya mbuzi kuthengo kuti akamenye mpira wachikulunga, lero anzake akumuimbira likhweru pamsewu iye ali chigonere pamphasa atayang'ana kukhoma. Mtsikana amene sankaphonya kwaya akungoti "sindikufuna" Loweruka lililonse. Pa nsima amadya mbamu ziwiri n'kusamba m'manja, mpaka siketi ya yunifolomu yayamba kukhwepa m'chiuno. Ena m'malo mwake amadya mosakhuta. Tulo timavuta kubwera, kapena mwana amadzidzimuka tambala asanalire n'kumangoyang'ana kudenga; ena amagona mpaka dzuwa kuswa mtengo koma n'kudzuka otopa. Mukamutuma kugolosale mchere ndi sopo, amabwera ndi chimodzi chifukwa maganizo sakukhazikika, ndipo makope ake akusonyeza zomwezo.

Chimene chimasokoneza makolo ambiri n'chakuti mwana wodwala matendawa kawirikawiri saoneka wachisoni koma waukali. Amapsa mtima ndi kanthu kakang'ono, amamenya ang'ono ake, amayankha mokalipa. Ana aang'ono sadziwa kufotokoza za mumtima, ndiye thupi limawalankhulira: mutu, m'mimba, kukakamira mayi, kukana sukulu, kuyambanso kukodza pogona atasiya kalekale. Anyamata okulirapo ena amathawira ku chamba, ku kachasu ndi ku kubetcha, ndipo timaona chambacho osaona chimene chawathamangitsira kumeneko. Mukaona zipsera zodzicheka pamkono kapena pantchafu, musazitenge ngati chibwana.

Kodi si ulesi kapena mwano chabe? Kale tikatero ankatikwapula n'kuwongoka.

Waulesi amakana khasu koma kumpira amathamanga. Wodwala matenda okhumudwa amakana zonse, khasu ndi mpira womwe, ndipo amadziimba mlandu chifukwa cha kulephera kwakeko. Chikwapu chingamudzutse pamphasa lero, koma chimamutsimikizira zimene matendawo akumunong'oneza kale, zoti ndi wosafunika pakhomo. Ndipo tisamanyadire kwambiri zikwapu za kale. Kafukufuku wa boma wa 2013 wokhudza nkhanza kwa ana m'Malawi anapeza kuti anyamata pafupifupi 2 mwa 3 aliwonse ndi atsikana 2 mwa 5 aliwonse anachitidwapo nkhanza zowapweteka thupi asanafike zaka 18, ndipo nkhanza zoterezi zili m'gulu la zinthu zodziwika bwino zimene zimabweretsa matenda a maganizo. Sindikunena kuti mwana azichita zimene akufuna. Malamulo a pakhomo akhalepo, ntchito zing'onozing'ono azigwira. Koma ngati kukalipa ndi kukwapula kwa mwezi wathunthu sikunasinthe kanthu, vuto si khalidwe.

Chimayambitsa n'chiyani? Kodi ndalakwitsa ndine polera?

Kawirikawiri sichikhala chinthu chimodzi. Pali za kumtundu: mwana amene mayi kapena bambo ake anadwalapo matendawa amakhala pa chiopsezo chokulirapo, ngakhale si onse amene amadwala. Pali za m'moyo: imfa ya kholo, kutha kwa banja, ndewu za makolo usiku uliwonse, uchidakwa pakhomo, njala ya mu Januwale ndi Febuluwale, kubwezedwa kusukulu, kusasankhidwa kupita ku sekondale anzake atapita, kutumizidwa kukakhala kwa achibale kumene amasanduka wantchito, mimba yosayembekezera, kukakamizidwa ukwati, kugwiriridwa. Kafukufuku wa 2013 uja anapeza kuti mtsikana mmodzi mwa 5 ndi mnyamata mmodzi mwa 7 anachitidwapo nkhanza zogonana ali ana, ndipo ambiri sauza aliyense. Matenda okhalitsa nawonso amalemera. Madokotala a bungwe la Baylor atafufuza achinyamata 562 a zaka 12 mpaka 18 omwe ali ndi HIV ku Lilongwe ndi ku Zomba, anapeza kuti pafupifupi 19 mwa 100 aliwonse anali ndi matenda okhumudwa, ndipo kusekedwa chifukwa chomwa mankhwala chinali chimodzi mwa zinthu zoyendera limodzi ndi vutoli. Ana ena amadwala popanda chifukwa chooneka, ali pakhomo pa mtendere ndi chakudya chokwanira. Kufufuza wolakwa kumangodya nthawi, ndipo kumathera mkangano wa akuchimuna ndi akuchikazi mwana ali pomwepo akumva. Komabe ngati pali chimene mukuchidziwa kuti chikumupweteka ndipo chili m'manja mwanu, monga mowa kapena ndewu, chimenecho ndiye choyamba kukonza.

Achibale akuti walodzedwa, ena akuti ndi ziwanda. Ndimvere ziti?

M'pomveka kuti anthu amaganiza choncho, chifukwa mwana wasintha popanda bala looneka. Koma matendawa amapezeka m'mayiko onse, pakati pa opemphera ndi osapemphera, ndipo amachira ndi uphungu ndi mankhwala mofanana kulikonse. Pemphero silitsutsana ndi chipatala. Abusa a mumpingo wanu, akulu ampingo, amayi a Chigwirizano, a kumphakati kapena a kumzikiti angakhale mzati weniweni ngati akubwera kudzacheza ndi mwana mwachifatse. Chimene ndikukana ndi kuimika mwana kutsogolo kwa mpingo wonse n'kumalengeza kuti ali ndi chiwanda, kumusalitsa kudya mwana amene waonda kale, kumumanga, kumutema mphini kapena kumumwetsa zosanzitsa. Mwana amene amadziona kale ngati woipa akauzidwa pagulu kuti mwa iye muli choipa, amabwerako atalemedwa kuposa mmene anapitira. Zolozana zala nazo zimapasula mudzi, ndipo kawirikawiri zimagwera agogo okalamba amene mwina ndi okhawo amene mwanayo amamasuka nawo. Lamulo la za ufiti la 1911 limati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Ngati banja laumirira kupita kwina, inu umirirani kuti kuchipatala mupitenso sabata yomweyo.

Ndiyambe bwanji kulankhula naye?

Osati pabwalo la achibale, ndipo osati mutangomaliza kumukalipira. Sankhani nthawi imene manja ali pa ntchito ndipo simukuyang'anizana maso: mukuswa mtedza pakhonde, mukutong'ola chimanga, muli panjira yopita kudimba. Yambani ndi zimene mwaona, osati ndi mlandu. Mayi angati, "Mwanawe, masiku ano nsima ukungoilawa, ndipo kwa anzako sukupitanso. Ine zikundidetsa nkhawa. Chikukuvuta n'chiyani mumtimamo?" Yankho loyamba likhala lakuti, "Palibe, amayi." Musapse mtima. Pitirizani kuswa mtedzawo, ndipo nenani kuti, "Chabwino. Ine ndilipo. Tsiku limene udzafune kundiuza, sindidzakukalipira." Kenako khalani chete, ngakhale kuli kovuta, chifukwa ana ambiri amayamba kulankhula pamene wamkulu watseka pakamwa. Bwerezani patapita masiku awiri kapena atatu.

Akayamba kufotokoza, pali mawu amene amatseka chitseko nthawi yomweyo: "ife tinakula movutika kuposa iwe," "ukusowa chiyani pakhomo pano," "mwamuna salira," "ungolimba mtima basi." Mwina ndi oona, koma mwana amamva kuti vuto lake ndi lopanda pake. M'malo mwake bwerezani zimene wanena kuti adziwe kuti mwamva: "Ndiye ukuti m'kalasi amakuseka tsiku lililonse?" Musathamangire kumupatsa malangizo; mufunseni kuti iye akuona kuti chingathandize n'chiyani. Ndipo zimene wakuuzani zisakamveke pamjigo mawa lake. Ngati muyenera kuuza bambo ake, aphunzitsi kapena achipatala, muuzeni kaye mwiniwakeyo kuti muuza ndani komanso chifukwa chake.

Nanga akakana kundiuza ine?

Musadzione ngati mwalephera. Mwambo wathu umaika kamtunda pakati pa mwana wotha msinkhu ndi makolo ake, makamaka mtsikana ndi bambo ake, koma mwambo womwewo unatipatsa agogo amene mdzukulu amaseka nawo momasuka, amalume, azakhali ndi anamkungwi. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Mufunseni mwanayo kuti angamasuke ndi ndani, ndipo musamusankhire, chifukwa nthawi zina wachibale amene inu mumamukhulupirira ndi amene akumuzunza. Wachinyamata amene ali ndi foni angaimbe yekha pa nambala yaulere ya 116, ya Tithandizane, imene amayendetsa a bungwe la YONECO, n'kulankhula ndi mlangizi amene sakumudziwa. Ena zimawapepukira choncho.

Akaulula kuti wina anamugwirira kapena akumuzunza, nditani?

Mukhulupirireni, ndipo muuzeni momveka kuti wolakwa si iye. Ngati zachitika posachedwa, thamangirani kuchipatala pasanathe maola 72, chifukwa mankhwala oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa mkati mwa nthawi imeneyo. Kanenani kupolisi, ku ofesi yothandiza ozunzidwa ya Victim Support Unit, kapena kwa ogwira ntchito yoteteza ana a ofesi yosamalira anthu. Nkhani yotere siyothera kwa ankhoswe ndi mbuzi yachipepeso. Mwana amene waona akuluakulu akugawana chindapusa pa thupi lake, womuzunzayo n'kumayendabe m'mudzi, zimamuvuta kwambiri kuchira. Zilinso chimodzimodzi ndi kukwatiwitsa mtsikana pofuna kubisa mimba: kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino salola ukwati wa munthu wosafika zaka 18.

Ndikamufunsa ngati akuganiza zodzipha, kodi sindimupatsa maganizowo?

Ayi. Ofufuza ayesa funso limeneli kambirimbiri, ndipo apeza kuti kufunsa sikudzala maganizo odzipha mwa munthu. Ambiri amapepukidwa kuti wina wazindikira. Funsani mosazungulira: "Kodi pena umaganiza zoti bola kufa? Unaganizapo zodzipha?" Chikhulupiriro china choopsa ndi chakuti wonena sachita. Ambiri amene anadzipha anali atanenapo kapena kusonyeza. Tcherani khutu ku mawu monga "mudzapuma ndikachoka," "ndimangokuvutitsani," komanso kugawa zinthu zake zokondedwa kapena kutsanzika mosadziwika bwino.

Akavomera, musakuwe, musamulalikire za gehena, ndipo musamulonjeze kuti musunga chinsinsi. Asakhale yekha usana ndi usiku, ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Chinthu china chimene banja la alimi liyenera kuchita nthawi yomweyo ndi kuchotsa poizoni m'nyumba. M'makomo mwathu mankhwala opopera fodya ndi tomato, a makoswe, ndi oteteza chimanga ku anankafumbwe amangokhala pawindo kapena kuseri kwa matumba. A WHO amati pafupifupi imfa imodzi mwa 5 za kudzipha padziko lonse imachitika ndi mankhwala a kumunda. Maganizo odzipha nthawi zambiri amafika pachimake kwa kanthawi kochepa, makamaka mwa achinyamata amene angokangana ndi kholo kapena chibwenzi, ndipo ngati poizoni sali pafupi nthawiyo imadutsa munthu ali moyo. Dziko la Sri Lanka litaletsa mankhwala a kumunda oopsa kwambiri, chiwerengero cha odzipha chinatsika ndi pafupifupi 70 pa 100 pakati pa 1995 ndi 2015. Tsekerani mankhwalawo m'bokosi la loko kiyi n'kukhala ndi inu, kapena kasungitseni kwa mnansi wodalirika, pamodzi ndi mapilitsi onse a m'nyumba. Ngati mwana wamwa kale, musamusanzitse, musamumwetse mkaka, mafuta kapena madzi amchere. Pezani njinga yamoto kapena galimoto mwamsanga, ndipo tengani botolo kapena pepala la mankhwalawo kuti achipatala adziwe chimene wamwa.

Kuchokera kuno ku Malomo, thandizo ndikalipeza kuti, ndipo ndikanene chiyani?

Yambirani pafupi: mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu ndi chipatala chaching'ono cha Malomo, kapena chilichonse chimene muli nacho pafupi. Iwo akaona kuti pakufunika wodziwa zambiri amalemba kalata yopita kuchipatala chachikulu cha boma ku Ntchisi. A mbali ya Dowa ali ndi chipatala cha Dowa ndi cha Mponela. M'zipatala za m'maboma kawirikawiri mumakhala namwino kapena dokotala amene anaphunzira za matenda a maganizo, ndipo m'zipatala za boma thandizo ndi laulere.

Apa ndi pamene makolo ambiri amataya ulendo wawo. Pamzere pali anthu ochuluka, dokotala ali ndi mphindi zochepa pa munthu aliyense. Akafunsa kuti "chavuta n'chiyani," mayi amati "mutu ndi kufooka," poti ndi zimene zili zosavuta kutchula. Mwana amabayidwa pachala, malungo sapezeka, amalandira panado, n'kubwerera. Mwezi wotsatira chimodzimodzi, mpaka buku la kuchipatala ladzaza ndi mutu. Dokotala sangalote zimene simunamuuze. Nenani zonse, ngakhale zikuchititsa manyazi: "Adokotala, mwanayu si mutu wokha. Papita mwezi sakudya bwino, sakugona, wasiya kucheza ndi anzake, amalira payekha, ndipo ananenapo kuti bola kufa. Ndikupempha mumuonenso za maganizo." Pemphaninso kuti mwanayo alankhule ndi dokotala payekha kwa kanthawi inu muli panja. Kuyeza thupi nakonso n'kofunika, chifukwa kuchepa kwa magazi, malungo obwerezabwereza, likodzo, khunyu ndi njala zimafooketsa mwana mofananako. Kuno kolima fodya kulinso china: mwana amene amathyola ndi kusoka fodya wamuwisi wonyowa amamva mutu, chizungulire ndi nseru chifukwa chikonga chimalowa pakhungu, ndipo imeneyo si ntchito ya mwana n'komwe.

Kodi sadzamutumiza ku Zomba n'kumatchedwa wamisala?

Ana ambiri odwala matenda okhumudwa sagonekedwa n'komwe. Amathandizidwa akugona kwawo ndi kupita kusukulu. Chipatala cha Zomba Mental ndi zipatala za St John of God ku Mzuzu ndi ku Area 43 mu Lilongwe zimalandira amene matenda awo akula kwambiri kapena amene moyo wawo uli pachiswe, ndipo ambiri amene apitako amachira n'kubwerera kwawo. Kukhumudwa si misala: mwanayo akudziwa dzina lake, akudziwa kumene ali, nzeru zake zili bwinobwino. Zoti anthu anena chiyani, anena ndithu, monga ankanenera za ma ARV zaka zapitazo. Achinyamata enieniwo anayamba kale kukambirana nkhaniyi poyera: zaka za m'ma 2010 pulogalamu ya pawailesi ya Nkhawa Njee, Yonse Bo, imene anakonza a bungwe la Farm Radio, inkakamba za matendawa m'Chichewa, pamodzi ndi magulu a achinyamata m'sukulu za ku Lilongwe, Mchinji ndi Salima. Amene tatsalira ndife akuluakulu.

Chithandizo chake n'chotani? Kodi mankhwala ake sawononga mutu?

Kwa ana ndi achinyamata, chithandizo choyamba ndi uphungu, osati mapilitsi. Mlangizi wophunzitsidwa amakumana ndi mwana maulendo angapo, kumuthandiza kutchula mavuto ake limodzilimodzi, kusankha loti ayambe nalo, kuona maganizo amene akumunamiza, ndi kubwerera pang'onopang'ono ku zinthu zimene anasiya. Njira yotereyi si yofuna madokotala aakulu okhaokha. Ku Harare m'dziko la Zimbabwe, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, pamene agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi panja pa chipatala n'kumamvetsera anthu. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 anasonyeza kuti akuluakulu othandizidwa motero anapeza bwino kwambiri kuposa anzawo, ndipo njirayi yafikanso m'zipatala zina za ku Malawi.

Malangizo a WHO amati mwana wosafika zaka 12 asapatsidwe mankhwala a matenda okhumudwa. Kwa wachinyamata amene uphungu sunamuthandize kapena amene wadwalitsa, mankhwala amene amavomerezedwa ndi fluoxetine, moyang'aniridwa ndi wodziwa za matenda a maganizo. Amitriptyline, amene akuluakulu ambiri amalandira, si woyenera achinyamata, choncho musamugawire mwana mapilitsi a agogo ake kapena ogula pamsika. Mankhwalawa sapengetsa ndipo saledzeretsa, koma amatenga masabata angapo kuti ayambe kuoneka ntchito yake. M'masabata oyambawo achinyamata ena amasowa mtendere kapena maganizo odzipha amakula, ndiye muyang'anitsitseni ndipo mukaona zotero bwererani kuchipatala msanga. Mapilitsi muzisunga ndinu n'kumamupatsa a tsiku limenelo. Akayamba kupeza bwino asasiye yekha. Kawirikawiri amapitiriza kwa miyezi yambiri, ndipo dokotala ndiye amanena nthawi yochepetsa.

Kodi ndimusiyitse kaye sukulu kuti apume?

Ngati n'kotheka, ayi. Kukhala pakhomo tsiku lonse kumakulitsa matendawa. Kaonaneni ndi aphunzitsi aakulu kapena mphunzitsi mmodzi amene mwanayo amamukhulupirira, muwafotokozere kuti akudwala, kuti asamamupatse zibalo chifukwa chochedwa kapena kusinza, ndipo athane ndi amene akumuseka. Amayi a mother group angathandize pa za atsikana. Mtsikana amene wabereka ali ndi ufulu wobwerera kusukulu. Ndondomeko imeneyi ilipo kuyambira 1993. Ngati mayeso a chaka chino sayenda, kubwereza kalasi si imfa, ndipo mwanayo ayenera kumva mawu amenewa kuchokera pakamwa panu zotsatira za MANEB zisanatuluke.

Pakhomo ndingachite chiyani tsiku ndi tsiku?

Zinthu zazing'ono zobwerezabwereza. Nthawi yodzuka ndi yogona ikhale imodzimodzi, foni isagone naye. Adye pamodzi ndi ena ngakhale adye pang'ono. Atuluke padzuwa ndi kuyendako tsiku lililonse. M'malo momutuma yekha, pitani naye limodzi. Musadikire kuti chilakolako chibwere kaye, chifukwa pa matendawa munthu amayamba kuchita kenako kufuna kumatsatira. Mpatseni ntchito imodzi imene angathe, akaimaliza muyamikireni. Itanani mnzake mmodzi abwere kudzacheza. Auzeni abale ake kuti akudwala, asamamutche waulesi kapena wamisala. Ndipo dziyang'aneni nokha: ngati inunso simukugona, mukulira pa nokha, mwasiya kusangalala ndi chilichonse, nenani kuchipatala komweko, chifukwa kholo likalandira thandizo mwana nayenso amapepukidwa.

Kodi adzachira? Sizidzabwereranso?

Ambiri amachira, koma si za sabata imodzi. Zimatenga miyezi, ndipo pamakhala masiku abwino ndi masiku obwerera m'mbuyo. Kawirikawiri tulo ndi kudya zimayamba kubwerera, kuseka kumachedwerapo. Matendawa amatha kubweranso patapita zaka, makamaka pa nthawi zovuta monga mayeso, maliro kapena uchembere woyamba. Lembani m'buku la kuchipatala zizindikiro zimene zinayamba kuoneka ulendo uno, kuti inu ndi mwanayo mudzazizindikire msanga.

Ndalama ya ulendo ndilibe mpaka titagulitsa soya. Kodi zingadikire?

Ngati mwana wanenapo za kufa, wadzivulaza, wasiyiratu kudya ndi kumwa, kapena akumva mawu ndi kuona zinthu zimene ena sakuziona, sizingadikire ngakhale tsiku limodzi. Kongolani ku banki mkhonde, gulitsani nkhuku, dzutsani amfumu kapena akumpingo, koma mwanayo afike kuchipatala lero. Ngati sizinafike pamenepo koma masabata awiri adutsa mwana ali wosinthika, yambani ndi zosafuna ndalama: lankhulani naye madzulo ano, tsekerani mankhwala a kumunda, uzani mlangizi wa zaumoyo, ndipo imbani pa 116. Musadikire kuti teremu ithe kapena msika wa soya utsegulidwe. Pitani naye sabata ino, ndipo mukafika kwa adokotala mukanene zonse.